Makina ndagula koma espresso akutuluka wowawasa, ndiwonjezere chipangizo chiti?

Kamdothi_7
Moni nonse. Ndithandizeni maganizo. Ndinagula makina a espresso apanyumba, aang'ono aja a pampu, ndipo pabokosi analemba kuti 15 bar, muyeso wa mphamvu imene pampu imakankhira madzi. Khofi amene akutuluka sakundisangalatsa ngakhale pang'ono. Amathamanga kwambiri, kapu imadzaza ndisanawerenge n'kufika pa 10, ndipo ukamulawa ndi wowawasa komanso wamadzimadzi. Ndikamaonera ma barista, akatswiri opanga khofi aja, m'mavidiyo ndimaona ali ndi tizipangizo tambirimbiri: tamper yolemera yotsenderera khofi, kachitsulo ka tisingano kovundulira khofi, kena kozungulira kosalazira pamwamba, kasefa koika pamwamba pa khofi, sikelo, mpaka kagalasi koonera pansi pa portafilter, chogwirira chija choikamo khofi chimene timamanga pa makina. Zonsezi sindingagule kamodzi. Ndiyambire pati? Khofi ndimagula wopera kale.

Mbalule
Mawu anu omalizawo ayankha kale funso lonse, achimwene.

Nachisale_B
A Mbalule afupikitsa kwambiri koma sakunama. Ine ndagwirapo ntchito yopanga khofi, ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Makina anuwo ntchito yake ndi kukankha madzi otentha basi. Chimene chimawagwira madziwo kuti asangodutsa ndi khofi yemweyo. Akakhala wopera mosalala bwino, madzi amavutika kudutsa, mphamvu imakwera kufika pa 9 bar, ndipo amatenga nthawi yokwanira kusungunula zokoma zonse. Akakhala wamiyalamiyala, madzi amangodutsa, n'kutenga zowawasa zokhazokha chifukwa ndi zimene zimayamba kusungunuka. Kutsekemera kumabwera pambuyo, ndiye inu mukumwa chiyambi chokha cha khofi wanu.

Khofi wopera kale wa m'paketi nthawi zambiri amamupera kuti agwire pa zophikira zosiyanasiyana, ndiye kwa espresso amakhala wokhakhala. Ngakhale atalemba kuti espresso papaketipo, simungamusinthe. Pamene ife kuntchito tinkasintha chopera m'mawa uliwonse, nthawi zina ngakhale masana nyengo ikasintha. Ndiye musagule tamper, musagule tisingano. Gulani chopera.

Kamdothi_7
Zikomo achemwali. Chopera ndili nacho chaching'ono chija chokhala ndi mpeni wozungulira pansi, koma sindinachigwiritsepo ntchito pa khofi. Chingathandize?

Mbalule
Chimenecho chisiyeni mukabati momwe chili.

Nachisale_B
Ayi, chimenecho sichipera, chimangodula. Njere ina imasanduka fumbi, ina imatsala theka. Mukufunika chokhala ndi ma burr, zitsulo ziwiri za mano zimene njere zimadutsa pakati pake, ndipo mpata wake umasinthika pang'onopang'ono. Mawu oti pang'onopang'ono muwagwire bwino. Zopera zina zili ndi ma burr ndithu koma masitepe ake ndi akuluakulu, pa nambala iyi khofi akuthamanga, pa nambala yotsatira makina atsamwa, pakati palibe. Pogula muonetsetse kuti analemba kuti n'choperera espresso.

GogoWaKhofi
Ndisanalowe nkhani ya chopera, a Kamdothi, tayang'anani m'bokosi la makina anuwo. Mabasiketi oikamo khofi alimo angati? Muwatembenuze muone pansi pake. Kodi ali ndi timabowo tambirimbiri, kapena kabowo kamodzi kokha pakati?

Kamdothi_7
Alimo a mitundu iwiri agogo. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito la kabowo kamodzi, thovu linkatuluka lambiri koma kukoma kunalibe. Nditasinthira la timabowo tambiri ndi pamene khofi anayamba kuthamanga chonchi.

GogoWaKhofi
Ndimaganiza choncho. Basiketi la kabowo kamodzilo lili ndi makoma awiri. Khofi amadutsa pa timabowo ta mkati, kenako amapanikizidwa kuti atulukire pa kabowo kamodzi kaja. Ndiye amene akugwira madzi si khofi wanu, ndi kabowoko. Anapanga dala kuti munthu wogula khofi wopera kale aziona chinachake chooneka ngati espresso. Thovu limene munkaliona lija ndi la kupanikiza kumeneko, n'chifukwa chake limakhala la timatuza tikulutikulu ndipo limatha msanga.

Basiketi la timabowo tambirilo ndi limene ma barista amagwiritsa ntchito, koma silibisa kanthu. Mwaliika khofi wokhakhala, lakuonetsani kuti ndi wokhakhala. Ndiye musadandaule kuti zinthu zaipa. Panopa, musanapeze chopera, bwererani ku la kabowo kamodzi lija kuti muzimwako khofi womweka. Chopera chikabwera mudzasinthe.

Za 15 bar zija musazitengere. Imeneyo ndi mphamvu yomaliza imene pampu ingafike, amailemba kuti makina agulike. Espresso amapangidwa pafupifupi pa 9 bar, ndipo ena masiku ano amatsitsa dala kufika pa 6.

Sikelo_Patsogolo
Nonse mukuti chopera, chabwino, sindikukana. Koma munthuyu wanena kuti sangagule zonse kamodzi, ndipo chopera chabwino ndiye chinthu chodula pa zonsezi. Ine ndikuti agule sikelo lero lomwe, chopera chimupeze ali nayo kale. Sikelo yaing'ono yoyeza mpaka 0.1 g, yopyapyala yoti ikwane pansi pa kapu. Popanda sikelo chopera chanu chatsopanocho mudzachisintha motani? Lero mwaika magalamu 14, mawa 17, khofi wasintha, inu n'kumaganiza kuti ndi chopera.

Poyambira ndi apa: khofi amene mwaika m'basiketi, m'kapu mutuluke kuwirikiza kawiri kulemera kwake, m'masekondi 25 mpaka 30. Ambiri amayamba ndi 18 g kulowa, 36 g kutuluka. Akatuluka msanga perani mosalala, akachedwa perani mokhakhala pang'ono. Nthawi mutha kuwerengera pa foni. Musamayeze ndi maso kapena ndi mizere ya pakapu, chifukwa crema, thovu lija la pamwamba pa espresso, imanamiza. Khofi wangokazingidwa kumene amatulutsa thovu lambiri, kapu imaoneka yadzaza pamene madzi ake ndi ochepa.

Wakale1961
Koma a Sikelo, ku Italy kumene espresso anachokera, barista wa pa bala amayeza kapu iliyonse pa sikelo? Amakoka kachitsulo ka chopera kamodzi, magalamu 7 agwa, atsendera pang'ono, mamililita 25 m'kapu, munthu wamwa ali chiimire wapita. Tsiku lonse choncho. Ife ndiye tasandutsa kapu ya khofi kukhala labotale.

Sikelo_Patsogolo
Barista ameneyo amapanga makapu mazanamazana pa tsiku, khofi wa mtundu umodzi, chopera chimodzi, zaka ndi zaka. Dzanja lake linazolowera. A Kamdothi amapanga kapu imodzi m'mawa. Adzazolowera liti?

Wakale1961
Apo mwandigwira pang'ono. Koma ndimafuna tizikumbukira kuti chimene chinapanga espresso ndi makina, osati tizidole iti. Angelo Moriondo analembetsa makina ake ku Turin mu 1884. Luigi Bezzera anawakonzanso ku Milan mu 1901, Desiderio Pavoni n'kugula ufulu wowapanga. Koma amenewo anali a nthunzi, mphamvu yake inali yochepa kwambiri, khofi ankamveka ngati wopserera. Crema imene tonse tikuithamangira inabwera ndi Achille Gaggia nkhondo yachiwiri itatha, cha m'ma 1947 ndi 1948, ndi makina okoka ndi dzanja okhala ndi sipuling'i. Kenako mu 1961 kampani ya Faema inatulutsa makina a E61 okhala ndi pampu yamagetsi yosunga 9 bar mosasinthasintha. Mutu wa makina amenewo, pamene portafilter imalowa, mpaka lero anthu akuupangabe. Pa zaka zonsezo palibe amene ankavundula khofi ndi tisingano.

Mbalule
Munthu wafunsa kuti agule chiyani, wapatsidwa phunziro la mbiri yakale. Mayeso ali liti aphunzitsi?

Tiyike
Ine ndingoti, mavuto onsewa mukudzipatsa nokha. Moka ya Bialetti, kaketulo kaja kophikira khofi, pa moto, mphindi zochepa, khofi wamphamvu ali m'kapu. Palibe sikelo, palibe tamper, palibe chopera chodula. Moka inapangidwa mu 1933 ndipo mpaka lero sinafune kusinthidwa.

Nachisale_B
Moka ndi yabwino a Tiyike, nanenso ndimaikonda, koma si espresso. Mphamvu yake siipitirira 1 kapena 2 bar. Ndipo munthuyu makina wagula kale, mukufuna awataye?

Tiyike
Awagulitse.

GogoWaKhofi
Tibwerere kwa mwini funso. A Wakale, nkhani yoti ku Italy savundula khofi ili ndi chifukwa chake. Khofi wawo nthawi zambiri ndi wokazingidwa kwambiri, ndipo ambiri amasakanizamo njere za mtundu wa robusta. Wotereyu savuta kusungunuka, amakhululuka zolakwa. Komanso zopera zawo zakale zili ndi kachipinda kamene khofi amagweramo n'kumazunguzidwa asanatuluke, ndiye tizibuma timaphwanyika tokha. Zopera zapanyumba za masiku ano zimathira khofi molunjika m'basiketi, tizibuma ndi tonse. Ndipo anthu ambiri tsopano akumwa khofi wokazingidwa pang'ono, amene amafuna kupera mosalala kwambiri. Pamenepo madzi akapeza pofooka pamodzi amabowola njira, onse n'kudutsira pomwepo. Khofi wa panjirapo amasungunuka mopitirira n'kuwawa, wotsalayo sanakhudzidwe mokwanira n'kuwawasa. Kapu imodzi, zowawa ndi zowawasa pamodzi. Tisingano tija ndi mankhwala a vuto limeneli. Njirayi imatchedwa WDT, chidule cha Weiss Distribution Technique, inatchuka kuchokera kwa John Weiss cha m'ma 2005, ndipo iye sankagulitsa kanthu, ankangolimbana ndi chopera chake chapanyumba.

Chimene ndingakuuzeni a Kamdothi n'chakuti kachipangizo kameneka n'kothandizadi, koma simukufunika kukagula kodula. Tisingano tikhale topyapyala, pafupifupi 0.3 kapena 0.4 mm. Tikanenepa timangokumba mizere m'khofi m'malo momumwaza. Ambiri amangobaya tisingano totere pa chotsekera botolo la vinyo, chatha. Muyambire pansi pa basiketi, muzizungulira pang'onopang'ono mukukwera mpaka pamwamba, kenako mugogode portafilter kamodzi pa tebulo kuti khofi akhazikike.

Chimene ndingawonjezere ndi kamphete koika pakamwa pa basiketi povundula, kuti khofi asatayikire pa tebulo. N'kosaoneka kofunika mpaka tsiku limene mudzatope ndi kusesa.

Dzuwa_Lawala
Nanga kozungulira kosalazira pamwamba kaja? Ine ndili nako ndipo khofi amaoneka bwino kwambiri ndikakazungulitsa.

Nachisale_B
Amaonekadi bwino, pamwamba. Pansi tizibuma tili momwemo. Kameneko kamangokhudza khofi wa pamwamba, ndipo mukakatsitsa kwambiri kamapanikiza mbali imene kunali khofi wambiri kuposa mbali ina. Pa zonse zimene a Kamdothi atchula, chimenecho ndi chimene ndingachichotse pa mndandanda osaganizanso kawiri.

Dzuwa_Lawala
Koma ine chikhalireni nako khofi wanga anasintha ndithu.

Nachisale_B
Mwina chifukwa kamakuthandizani kuti tamper ikhale mowongoka. Ngati ndi choncho pitirizani, sindingakulandeni. Ndikungoti munthu amene ndalama zake n'zowerengeka asayambire pamenepo.

Kamdothi_7
Ndikulemba zonse. Nanga tamper? Imene inabwera ndi makina ndi yapulasitiki, mbali ina ndi supuni.

Makaniko_J
Imeneyo ikhale supuni basi. Koma musathamangire kugula musanayeze. Tengani rula muyeze m'kati mwa basiketi lanu. Makina a m'malo ogulitsira khofi ambiri ndi 58 mm. Ambiri a De'Longhi apanyumba ndi 51 mm, ambiri a Breville kapena Sage ndi 54 mm. Anthu ambiri amagula tamper ya 58 chifukwa ndi imene anaiona m'vidiyo, n'kupeza kuti sikulowa n'komwe. Kamphete kaja, kasefa kaja, zonse zimatsatira kukula komweko.

Ndipo ngati lanu ndi 51 mm, magalamu 18 amene a Sikelo anena aja mwina sakwana. Mabasiketi ambiri otero amatenga 14 kapena kupitirira pang'ono. Yesani chonchi: tsenderani khofi, mangani portafilter pa makina osayatsa madzi, kenako masulani. Mukaona chidindo cha sefa ya makina, ija yotulukira madzi, pa khofi, mwaika wambiri. Chepetsani. Lamulo lowirikiza kawiri lija likhalabe, 14 kulowa, 28 kutuluka.

Kamdothi_7
Ndayeza, ndi 51.

Mbalule
Mwapulumuka.

Dzuwa_Lawala
Pa tamper pomwepo, ine ndinamva kuti uyenera kutsendera ndi mphamvu ya makilogalamu 15. Ndiye ndimafuna kugula ija yokhala ndi sipuling'i imene imalira ukafika pamenepo.

Nachisale_B
Nambala imeneyo inkaphunzitsidwa kwambiri kale, nafenso tinaphunzitsidwa choncho. Koma taganizani, madzi a 9 bar akamakankha khofi mphamvu yake imaposa kutali dzanja la munthu aliyense. Ntchito ya tamper ndi kuchotsa mpweya pakati pa khofi kuti akhale wogwirana paliponse. Mukatsendera mpaka mwamva kuti sakutsikanso, basi zakwana. Kuwonjezera mphamvu pamenepo mukungopweteka dzanja. Chofunika kwambiri ndi kuwongoka. Ikapendekera, mbali imodzi khofi amakhala wochepa, madzi amathamangira komweko. Ndiye ngati mukufuna tamper yapadera, gulani ija yokhala ndi mkombero umene umakhala pakamwa pa basiketi kuti isapendekere. Ndipo chizolowezi chogogoda m'mbali mwa portafilter ndi tamper mutatsendera kale, chisiyeni. Mumang'amba khofi m'mbali, madzi n'kupeza njira.

GogoWaKhofi
Ndigwirizane ndi mayi Nachisale, ndiwonjezere chimodzi. Tamper ikwane bwino m'basiketi. N'chifukwa chake pa mabasiketi a 58 mm opangidwa mosamala ngati a kampani ya VST kapena IMS anthu amagula tamper ya 58.5, kuti m'mbali musatsale khofi wosatsenderedwa.

Koma chipangizo chimene chinandiphunzitsa kuposa zonse ndi portafilter yopanda pansi. Ilibe timilomo totulukira khofi, umaona basiketi lenilenilo. Khofi akakonzedwa bwino, timadontho timayamba kuoneka paliponse nthawi imodzi, kenako n'kukumana pakati kukhala mchira umodzi. Akakonzedwa molakwika mumaona mbali ina youma, kapena kamtsinje kakuthamanga pambali, kapena akukupoperani pa malaya. Sikuti imakometsa khofi, imangokuonetsani chimene manja anu achita. Kagalasi kamene a Kamdothi anakaona m'mavidiyo ntchito yake ndi yomweyo, kuti usamawerame. Kagalasi kalikonse ka m'nyumba kagwira.

Mbalule
Muyambe mwavala malaya akuda tsiku loyamba.

Wakale1961
Ndiye taonani mndandanda wakula kale. Chopera, sikelo, tisingano, kamphete, tamper, portafilter ina. Munthu amafuna khofi wa m'mawa.

Sikelo_Patsogolo
Pa zimenezo chodula ndi chimodzi chokha bambo. Ndipo ngati chamagetsi chavuta, chopera chamanja chilipo. Makampani ngati 1Zpresso amapanga zamanja zokhoza espresso bwinobwino, ndipo pa ndalama zofanana chamanja chimapera bwino kuposa chamagetsi chifukwa simukulipira mota. Kungoti kupera espresso pamanja kumafuna mphamvu, makamaka khofi wokazingidwa pang'ono, njere zake n'zolimba. Kapu imodzi kapena awiri palibe vuto. Alendo akabwera asanu ndi pamene mudzadziwe.

Chifundo_M
Pepani ndilowerere ndi funso langa. Chopera changa chimamwaza khofi paliponse, amamatira m'mbali mwa kapu yolandirira, wina amaulukira pa tebulo. Chawonongeka?

Makaniko_J
Sichinawonongeke, ndi magetsi aja amene amabwera zinthu zikamakhulana. Njere zikamaphwanyika zimatenga mphamvu imeneyo n'kumamatira paliponse, makamaka kunja kukauma. Musanapere, nyowetsani chogwirira cha supuni ndi kadontho ka madzi, muvundulire njerezo, kapena mupopere kamodzi ndi kabotolo kopopera. Kadontho, osati kusambitsa. Anthu akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 gulu la Christopher Hendon wa ku University of Oregon linafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti madzi pang'ono amachepetsadi magetsiwo komanso tizibuma. Anagwira ntchitoyo limodzi ndi katswiri wa mapiri ophulika, chifukwa phulusa la mapiriwo limachitanso chimodzimodzi. Muzingonyowetsa njere zimene mukupera nthawi yomweyo, osati zonse za m'chopera.

Chifundo_M
Ndayesa pompano, zagwira. Zikomo kwambiri.

MayiThovu
Nonse mwaiwala kuti anthu ambiri ogula makinawa amafuna cappuccino. A Kamdothi, ngati mumamwa wamkaka, mukufunika kajagi kachitsulo kokhala ndi mlomo wosongoka. Kakhale kaching'ono, pafupifupi mamililita 350 pa kapu imodzi, chifukwa makina aang'ono nthunzi yake ndi yofooka, jagi yaikulu siizungulitsa. Mkaka ukhale wozizira, muthire mpaka pamene mlomo wa jagi ukuyambira. Yambani mwatulutsa nthunzi pang'ono pambali kuti madzi a m'kapaipi achoke. Masekondi oyamba nsonga ikhale pamwamba penipeni pa mkaka kuti mpweya ulowe, muzimva kaphokoso kong'ambika pang'onopang'ono. Kenako mizani nsongayo pang'ono kuti mkaka uzizungulira, timatuza tiphwanyike. Imani pa madigiri 60 mpaka 65. Mukapitirira 70 kutsekemera kumachoka, fungo limasintha, thovu limauma. Choyezera kutentha n'chothandiza poyamba, koma dzanja limaphunzira msanga: pansi pa jagi pakatentha moti simungagwirenso kupitirira kamphindi, zimitsani.

Ndipo kansalu. Kansalu kake ka kapaipi ka nthunzi kokha, konyowa, mupukute nthawi yomweyo n'kutulutsanso nthunzi. Ndimadabwa anthu ali ndi zipangizo zonyezimira koma kapaipi kali ndi mkaka wouma wa dzana.

Nachisale_B
Apo mayi mwanena. Kuntchito munthu watsopano tinkamuonera pa kansalu, osati pa maluwa ojambula pamkaka.

Tiyike
Moka ilibe kapaipi.

Mbalule
A Tiyike mudakalipo?

GogoWaKhofi
Pali chinthu chimene sitinachikhudze, ndipo si chipangizo. Njere. Chopera chabwino sichingadzutse khofi amene anafa kalekale. Pogula muziyang'ana tsiku limene anakazingidwa, osati tsiku lothera ntchito. Crema imachokera ku mpweya umene umatsekeredwa m'njere pokazinga, ndipo umatuluka pang'onopang'ono. Khofi wa masiku awiri kapena atatu amakhala ndi mpweya wambiri moti amavuta, amachita thovu lokhalokha. Akapuma sabata imodzi kapena awiri ndi pamene amakhazikika. Akakalamba miyezi amayamba kuthamanga ngakhale mupere mosalala bwanji. Musungeni m'chotengera chosalowa mpweya, kutali ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo muzipera wa kapu imene mukumwa yokha. Akangoperedwa fungo limayamba kuthawa m'mphindi zochepa.

Poyambira ndingakulangizeni wokazingidwa pakatikati kapena kupitirira pang'ono. Wokazingidwa pang'ono pa makina aang'ono osasunga bwino kutentha adzakuwawasiranibe ngakhale muchite zonse bwino, ndiye mudzaganiza kuti vuto ndinu. Madzi a espresso amafunika akhale pakati pa madigiri 90 ndi 96. Muzisiya makina atenthe portafilter ili pomwepo, ndipo muzidutsitsa madzi opanda khofi kamodzi musanayambe, omwewo atenthetse kapu. Portafilter yozizira imaba kutentha, khofi n'kuwawasa.

Dzuwa_Lawala
Kasefa koika pamwamba pa khofi kaja palibe amene wayankha.

Makaniko_J
Phindu lake lalikulu limene ine ndimaliona ndi ukhondo. Khofi samamatira ku sefa ya makina. Ena amati kamamwaza madzi bwino, mwina pa makina amene madzi ake amatuluka mosalongosoka. Koma kamadya malo m'basiketi, ndiye pa 51 mm muyenera kuchepetsanso khofi, ndipo kamafuna kutsukidwa chifukwa mafuta amabisala m'timabowo take. Si koyambira.

Poti tafika pa ukhondo, makina ambiri amene amabwera kwa ine atafa sanaphedwe ndi khofi, anaphedwa ndi madzi. Zoyera zija zimene mumaziona zitamatira m'ketulo zimamatiranso m'timapaipi ta makina, ndipo timeneto n'tating'ono kwambiri. Ngati madzi anu amasiya zoyerazo msanga, muziwasefa kapena mupeze ena ofewa, ndipo muzitsuka m'kati ndi mankhwala ake motsatira buku la makinawo. Koma musapite mbali inanso n'kumathira madzi ochotsedwa mchere wonse. Khofi wake amakhala wosakoma, ndipo makina ena saona n'komwe kuti muli madzi. Mugulenso kaburashi kotsukira pamene portafilter imalowa, ndipo mphira wa pamenepo akauma n'kuyamba kudontha m'mbali, msintheni, osalimbana ndi kumanga mwamphamvu.

Wakale1961
Ndi basiketi lopanda timabowo, lobweza madzi m'mbuyo potsuka makina, ndi ufa wake wotsukira ngati Cafiza kapena Puly Caff. Chimenecho ndiye ndingavomereze kuti n'chofunika.

Makaniko_J
N'chofunika pa makina okhala ndi valavu yotulutsira mphamvu, imene imataya madzi m'thireyi mukangozimitsa pampu. Makina aang'ono ambiri ngati a Kamdothi alibe, ndipo pa amenewo musayese, madzi alibe kothawira. Iwo angomasula basiketi n'kuliviika m'madzi otentha okhala ndi ufawo, chogwirira cha portafilter chikhale kunja kwa madzi.

Kamdothi_7
Ndabweranso. Mnzanga wandibwereka chopera chamanja cha ma burr, ndagula sikelo ndi njere zokazingidwa masabata awiri apitawo. Tisingano ndapanga ndekha monga ananenera agogo. Ndaika magalamu 14 m'basiketi la timabowo tambiri. Koma tsopano zatembenuka. Pampu ikulira, patapita masekondi 20 ndi pamene timadontho tikuyamba, ndipo pofika 28 g padutsa pafupifupi mphindi yathunthu. Khofi wake ndi wakuda bii, wowawa, akuumitsa lilime. Ndawononga makina?

Sikelo_Patsogolo
Simunawononge kanthu, mwangodumphira tsidya lina. Tsopano mukudziwa kuti chopera chimenecho chikukwanitsa espresso. Bwererani masitepe awiri kapena atatu kumbali yokhakhala. Magalamu akhale 14 omwewo, katsenderedwe komweko, musinthe chinthu chimodzi chokha. Lembani nambala ya chopera ndi masekondi pa pepala nthawi iliyonse.

Nachisale_B
Ndipo mukafika pa masekondi 25 mpaka 30 musaime chifukwa choti nambala yakwana. Lawani. Akadali wowawasa, musiyeni atuluke wochulukirapo, mwina 32 kapena 35 g. Akuwawa, dulani msanga. Muzivundula ndi kasupuni musanalawe, chifukwa crema payokha imawawa ndipo khofi wolemera amakhala pansi.

Wakale1961
Mphindi yathunthu! Ku Italy kasitomala akanakhala atapita kale ku bala ina.

Kamdothi_7
Ndabwerera masitepe atatu, wathamanga, masekondi 19. Ndabwezera limodzi, masekondi 33, ndipo uyu ndamwa mpaka kumaliza. Pakati pa awiriwa palibe sitepe ina. Nditani?

Makaniko_J
Khalani pa sitepe ya 33 ija muchotse theka la galamu. 13.5 kulowa, 27 kapena 28 kutuluka. Khofi akachepa pang'ono madzi amadutsa msanga pang'ono.

Sikelo_Patsogolo
Theka la galamu, a Wakale. Muyeze ndi diso tione.

Dzuwa_Lawala
Ine ndikufunsabe za tamper ya sipuling'i ija, ya 51 mm imapezeka?